Chitsulo chimene anakusiyirani

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo. Mvula yoyamba yagwa, nazale ya fodya yamera bwino, kungoti nkhuku zanu zija zatha ndi chitopa. Mpongozi wanu wabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha Esinati, dzina lanu. Akamalira, mawu ake ndi anu omwe aja oitanira mbuzi.

Koma nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya njinga yamoto ya abambo. Mukukumbukira tsiku logawa katundu, abambo atamwalira? Mng'ono wawo uja, a Laitoni, anatenga ngolo, ng'ombe, wailesi, mpaka malata a pachigafa. Atafika pa njingayo anaiponda ndi nsapato nkunena kuti, "Chitsulo ichi chikhale cha amasiye, nkhuku zawo ziziikiramo mazira." Anthu anaseka. Inu munangoifunditsa masaka, ndipo chaka chilichonse munkasintha masakawo ngati mukufunditsa wodwala.

Mutatisiya ndinaitulutsa panja. Mavu anali atamanga m'paipi ya utsi, matayala atang'aluka, thanki ili dzimbiri lokhalokha. Ndinamasula chilichonse nkuviika m'parafini, m'beseni lanu lochapira lija, mundikhululukire. M'thanki ndinathiramo timiyala nkumaikhutchumula mpaka mapewa kuwawa. Che Yusufu, a sitolo ya pa Nkhamenya, anandipezera pisitoni ndi tcheni za njinga ina. Kumbuyo ndinawotcheretsa kaliyala wa zitsulo za bedi lakale, woti azinyamula matumba a feteleza, chifukwa sindinaikonzere kudzionetsera. Tsiku limene injini inadzuka ndinakhala pansi misozi ili chuchuchu. Kulira kwake ndi komwe kuja tinkamva abambo akamachokera ku esiteti.

Nyengo ya makuponi a feteleza ino mudzi wonse ukundifuna, moti mbiri sinachedwe kuwapeza a Laitoni. Munthu amene pamaliro anu anafika titakwirira kale nkuyamba wafunsa ngati nyama yatsala, uyo Lachiwiri m'mawa watulukira, atavala jekete la abambo, manja ake atachita kupinda poti ndi lalikulu.

"Mwana wanga," anatero, "ndabwera kudzatenga njinga ya akulu anga. Chuma cha kwathu sichingakhale kuchikazi."

Ndakhala mwana wawo kuyambira liti? Pamene tinkagona m'nyumba yodontha, mwanayo sankamuona. Munkanena inu kuti munthu wodana ndi khasu sadana ndi nkhokwe, ine nkumayesa mukunena alendo. Amayi, bambo amenewa amandinyansa, ndipo sindibisa.

Mtima unandiuza kuti nditole mpini. M'malo mwake ndinaitana mlongo wanu, amalume a Fositala, kuti akhale mboni, kenako ndinatenga sipanala.

"Cha akulu anu mutenga," ndinawauza. "Mundidikire ndichotse changa."

Ndinayamba ndi matayala. Ndinachotsa tcheni, mpando, pulagi, mawaya, kaliyala wanga, ndinatsegula injini nkutulutsa pisitoni ya Che Yusufu. Ngakhale mafuta ndinawakhuthulira m'chigubu. A Laitoni anali pampando, mwakamodzikamodzi nkumati, "Iwe, usaononge zinthu." Amalume ankangokoka fodya wawo wa pamphuno. Pofika masana panatsala chitsulo chomwe chija, chitakhala pa njerwa. Kunena zoona zinandiwawa, chifukwa ndinali kupasula ndi manja anga ntchito imene ndinaivutikira.

Ndiye foni ya a Laitoni inalira. Feteleza wa makuponi wafika ku Nkhamenya, galimoto imodzi yokha, anthu ali kale pamzere. Anagwira thumba la jekete momwe munali kuponi yawo, anayang'ana dzuwa, anayang'ana msewu, kenako anayang'ana ine.

"Mwana wanga, sungabwezeretse msanga kuti undithamangitsireko?"

Ndinaloza pa njerwa paja. "Njinga ya akulu anu ndi imeneyo, bambo. Kwerani."

Amalume fodya anawatsamwa. A Laitoni ananyamuka wapansi, jekete likuwakupiza m'mawondo, ndipo chitsulo anachisiya kachiwiri, tsopano pamaso pa mboni. Amalume anawakuwira kuti, "Mwaiwala katundu wanu," koma sanatembenuke. Ndamva kuti anakafika feteleza atatha, kuponi ikadali m'thumba. Chisoni ndachifunafuna mumtima mwanga, sindinachipeze.

Ndayamba kubwezeretsa, ndipo sabata ino injini ilira ndithu. Fodya akagulidwa, ulendo wake woyamba udzakhala wonyamula simenti ya chiliza chanu, chimenecho ndalonjeza. Mukadzamva phokoso likubwera kumanda musadzadzidzimuke, chidzakhala chitsulo chanu chija. Abambo muwauze kuti njinga yawo ili pakhomo, jekete lokha ndi limene likadali kuvutika.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane