Mayi a Nambala Seveni

Lachinayi, 16 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Mudabwa kulandira kalata pomwe timayankhulana pa foni sabata iliyonse. Vuto la foni ndi lakuti Bambo amakhala ali pompo, khutu lili tcheru, ndiye ine ndimangoti zonse zili bwino. Lero ndawasiya pabalaza akusita shati, ine ndadzitsekera kuchipinda. Inde, mwawerenga bwino, Bambo akusita shati. Pezani pokhala, nkhani ilipo.

Ndiyambe ndi kupepesa. Ntchito yanga ya ku hotela inatha kalekale, sabata yachiwiri mliri utangoyamba. Alendo atasiya kubwera, abwana anatiitana tonse a kochapira n'kutiuza kuti zoti tichape palibe. Ndinakubisirani. Ndinkaona kuti nanunso muli ndi zanu, alamu akudwaladwala, ana ali pakhomo osapita kusukulu. Mukandifunsa za ntchito ndinkayamba kukamba za mvula, ndipo ndikuganiza kuti munkadabwa kuti mvula ya kuno siikata bwanji.

Za Bambo mukudziwa mmene analili chimwalirire Amayi. Zaka ziwiri pampando uja wa pawindo, ndevu osameta, mawu awo "eya" ndi "ayi" basi. Mliri unangowonjezera. Anzawo awiri aja amene ankabwera kudzacheza nawo anasiya, ndipo mmodzi tinangomva kuti watisiya, kumaliro osaloledwa kupita. Kenako mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anatsala a masiku anayi. Kuchipatala mlonda anandibweza pageti, akuti akulandira odwala mliri okha. Ndinayenda mafamase atatu, mankhwalawo kulibe. Achemwali, tsiku limenelo ndinakhala pakhonde la sitolo yotseka n'kulira mpaka masiki inanyowa.

Nditadzuka kuti ndizipita, ndinaona pepala lomatidwa pachitseko cha sitoloyo, lolembedwa pamanja. Linati: "Muli ndi okalamba kapena odwala pakhomo? Mankhwala, chakudya, ngakhale munthu wocheza naye. Imbani. Musachite manyazi." Mawu omalizawo anawadula mzere kawiri. Ndinaimba ndili pomwepo.

Mukuwakumbukira mayi aja a ku laibulale, amene ankatithamangitsa tikayamba kuseka pa tebulo lowerengera? Ndi amene anayankha. Laibulale itatsekedwa sanafune kungokhala. Anapempha holo ya pasukulu, anasonkhanitsa aliyense amene ali ndi manja, ndipo tsopano dera lonse limangowatcha a Laibulale. Muli a Nesi amene anapuma ntchito, ndiwo amadziwa khomo lotengera mankhwala a odwala nthawi yaitali. Muli amayi ophika, atelala osoka mamasiki, ndi abambo a njinga okapereka katundu m'makomo. Anandifunsa dzina la mankhwala, zaka za Bambo, kenako anati, "Nanga iweyo, wadya lero?" Ndinayamba kukamba za mvula. Anati, "Chabwino, ndamva."

Mawa lake kunabwera bambo wa njinga, amene timawatcha a Chipewa chifukwa savula chipewa chawo chofiira. Anafika thukuta lili kamukamu, atasochera maola awiri. Anaika phukusi pageti n'kubwerera m'mbuyo. Bambo ataona mpunga, nyemba ndi sopo pambali pa mankhwala, nkhope inasintha.

"Bweza," anatero. "Ine ndagwira ntchito zaka makumi atatu. Sindine wopemphapempha."

A Chipewa anamva ali pageti. Anati, "Bambo, kubweza ndibweza, koma ndiyambe ndapuma. Ndazungulira ku mlatho, ndatulukira kumanda, kenako galu wa nyumba yobiriwira ija wanditsata mpaka kutchalitchi."

Bambo anatsegula windo. "Ku mlatho mumakatani? Mukanadzera kuseri kwa chigayo, n'kulowa kanjira ka pakati pa mipanda iwiri, mphindi khumi basi. Ndipo galu ameneyo saluma, mukangomuuza kuti khala amakhala. Woluma ndi wa nyumba yachitatu."

Ine ndinangoima ndi sopo m'manja. Kwa zaka ziwiri sindinawamve akuyankhula mawu ochuluka choncho. Tinaiwala, Achemwali, kuti munthu amene wawerenga mamita a madzi zaka makumi atatu amadziwa geti lililonse, ngakhale la nyumba yopanda nambala.

A Chipewa anakawauza a Laibulale, ndipo masana omwewo foni inalira, akufuna Bambo. Ndinamva akuti, "Bambo, anthu anga akusochera tsiku ndi tsiku, mankhwala akufika mochedwa. Opempha ndife. Tithandizeni." Phukusi lija silinabwezedwe. Kuyambira pamenepo Bambo anakhala ofesi yolondolera njira, ali pampando wawo womwe uja, foni kukhutu, akukalipira anthu a njinga ngati ana awo.

Patapita sabata a Laibulale anawapatsanso mndandanda wa okalamba khumi okhala okha, kuti aziwaimbira m'mawa uliwonse kumva ngati adzuka bwino. Asanu ndi mmodzi oyamba zinayenda bwino. Pomwe ankaimbira wachisanu ndi chiwiri, ndinali pomwepo ndikusesa, ndipo foni ya Bambo imamveka mpaka kukhitchini.

"Ndani?"

"Ndine wa gulu la kusukulu. Ndimafuna kudziwa ngati mwadzuka."

"Ndikanapanda kudzuka ndikanayankha?"

Anali mawu a mayi wachikulire. Mayiwo anapitiriza: "Mawu anuwo ngati munthu wodzanena uthenga wa maliro. Mawa muimbe mutadya."

Bambo anaika foni pansi n'kuti, "Mayi wamwano chonchi sindinamuonepo." Koma mawa lake anadya kaye. Ndipo anasintha dongosolo, nambala seveni anayamba kuiimbira pomaliza, akuti kuti asadikiritse ena. Mphindi zisanu zinasanduka ola. Mayiwa ankatayipa makalata kukhoti, amuna awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi ali kutali ngati inu. Ankakangana ndi Bambo pa chilichonse, za nyimbo zakale, za kadulidwe ka tsitsi, za ngati tiyi amayamba ndi mkaka kapena madzi. Tsiku lina ndinapeza Bambo akumeta ndevu. Ndinati, "Mukupita kuti, poti sitiloledwa kutuluka?" Anati, "Ndili ndi mafoni oti ndiimbe." Ndinathawira kubafa kukaseka.

Tsopano gawo lovuta. Lolemba lina mayiwo ankatsokomola pa foni, n'kumati ndi fumbi. Lachiwiri m'mawa sanayankhe. Bambo anaimba kasanu ndi kanayi. Kenako anadzuka, anavala nsapato. Ndinaima pachitseko. Ndinati, "Bambo, ndi magazi anuwo, mukalowa m'nyumba ya wodwala ndikawauza chiyani Achemwali?" Anandiyang'ana ndi maso amene ndinawaona komaliza kuchipatala kuja, tsiku la Amayi. Koma anakhala pansi.

Vuto linali lakuti pamndandanda panangolembedwa kuti "cha kumsika." Mayiwo anali asanalandirepo phukusi, ankati sakusowa kanthu, ndiye palibe amene ankadziwa nyumba yawo. Bambo anatsinzina, n'kuyamba kuyankhula okha. "Amadandaula phokoso la wowotcherera zitsulo. Amati madzi amabwera ochepa m'mawa, ndiye ndi msewu wakumtunda. Amati mpopi ndi wa nyumba zitatu." Anatsegula maso. "Ndaidziwa. Mita yake ili pansi pa mtengo wa mandimu." Anaimbira a Chipewa, amene ananyamula a Nesi panjinga, ndipo Bambo anawalondolera khona ndi khona.

Anawapeza mayiwo ali gone pansi pafupi ndi bedi, akupuma mobanika, foni ili patebulo pomwe sakanaifikira. A Nesi anaitanitsa ambulansi. Pambuyo pake anandiuza kuti akanachedwa mpaka madzulo bwenzi tikukamba zina.

Mayiwo anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri, akupumira makina. Bambo sanasiye kuimbira ena asanu ndi anayi aja, ngakhale tsiku limodzi. Akamaliza ankangokhala, foni ili pamwendo. Ine ndinkangowabweretsera tiyi. Tsiku lachisanu ndi chinayi foni inalira, nambala yachilendo. Anali namwino wa m'wodi, akuti pali wodwala amene sakufuna kumwa mankhwala mpaka ayankhule ndi "bambo wa mamita." Kunamveka kupuma kwa nthawi yaitali, kenako kamawu kakang'ono, kosasa:

"Mwadya?"

Achemwali, Bambo anaseka ndi kulira nthawi imodzi, mpaka a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Kuonana maso ndi maso anaonana tsiku la katemera, mu holo ya pasukulu muja. A Laibulale, amene sachita kanthu mwangozi, anawalemba tsiku limodzi ndi ola limodzi. Mipando inali yotalikirana, aliyense atavala masiki. Mayi wina wamfupi, wa magalasi, atanyamula thumba la ulusi wolukira, anamva Bambo akupereka moni pakhomo, n'kutembenuka. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndimayesa ndinu wamtali," anatero.

"Inenso ndimayesa pamaso mumakhala ndi ulemu," Bambo anayankha.

Holo yonse inafa ndi phwete, ngakhale a Nesi anaika kaye jakisoni pansi.

Za ine musade nkhawa. Ndinayamba ndi kuchapa maepuloni ndi nsalu za patebulo za ku holo, kuti phukusi lija lisamandilemere mumtima. A Nesi ataona kasitidwe kanga anandilankhulira ku nyumba ina yosamalira okalamba, ndipo mwezi uno ndi wachitatu ndili pantchito kochapira kwawo. Loweruka ndimapitabe ku holo. Mapepala amene amamatidwa m'masitolo tsopano ndimalemba ndine.

Ndazungulira mokwanira. Chimene ndalembera kalatayi ndi ichi: Bambo akufuna kukwatira.

Anandiuza sabata yatha tikutsuka mbale, nkhope atalozetsa kusinki. Sindikubisirani, ndinakwiya. Ine yemwe ndinkaseka kubafa ndinasiya mbale m'madzi, n'kupita kukatsegula kabati ya Amayi, n'kukhala pansi ndi diresi lawo labuluu lija pamiyendo. Ndinkaona ngati tikuwatulutsa m'nyumba kachiwiri. Masiku awiri sindinawayankhule bwino Bambo.

Tsiku lachitatu mayiwo anabwera kudzacheza koyamba. Bambo, posafuna kuwakhumudwitsa, anali atachotsa chithunzi cha Amayi pakhoma, pangotsala msomali ndi chizindikiro cha fumbi. Mayiwo asanakhale n'komwe pansi analoza pamenepo.

"Apa panali ndani?"

Bambo anayamba kuchita chibwibwi.

"Kawatengeni muwabwezere. Mayi amene anakupirirani zaka makumi anayi simungawaike m'dirowa. Inenso ndidzabwera ndi cha amuna anga, tidzachipachika pambali pake, azidzacheza okhaokha za mavuto amene anaona ndi ife."

Kenako anatembenukira kwa ine. Anati, "Mwanawe, ine sindikubwera kudzakhala mayi wa munthu. Amayi ako analipo, ndipo ntchito yawo ndikuiona. Ine ndangotopa kudya ndekha, ndipo bambo akowa amaseka bwino." Titamwa tiyi anandipempha kuti ndiwauze za Amayi. Ndinawauza mpaka dzuwa linapendeka, ndipo sanandidule mawu ngakhale kamodzi, chinthu chimene Bambo akuti sichinachitikepo.

Bambo akukuopani, Achemwali. Akuti ndinu munawasambitsa ndi kuwadyetsa Amayi mpaka tsiku lomaliza, ndiye mawu anu ndi olemera kuposa anga. Akuti mukakana adikira, ndipo mayiwo nawonso akuti adikira, ngakhale awonjezera kuti pa msinkhu wawo musachedwe kwambiri. Sindikukupemphani kuti musangalale lero lomwe. Ine zinanditengera masiku atatu ndi diresi limodzi lonyowa. Ngati mukufuna kulira, lirani, ngati mukufuna kundikalipira chifukwa cha mabodza anga a mvula, ndakonzeka. Koma mukatha, muyankhule nawo Bambo nokha.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti amwe mankhwala awo osadumphitsa. Ana muwapsompsone. A Laibulale akupereka moni, akuti akukukumbukirani bwino lomwe, ndinu munkayambitsa phokoso. A Chipewa akupereka moni ngakhale sakukudziwani. Mayi a Nambala Seveni akuti ndisakupatseni moni wawo mpaka mutaufuna nokha, koma akupempha muyezo wa chifuwa ndi mikono wa ana onse awiri, poti ulusi agula kale ndipo manja awo sakhala chete.

Bambo agogoda kawiri kufunsa ngati ndamaliza. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere. Aima pakhomo nthawi yaitali, akupotokola chogwirira cha chitseko, kenako akuti: "Umuuze kuti amayi ake ndimawalota mpaka pano. Umuuzenso kuti malire akatsegulidwa abwere, chipinda chake palibe amene adzachikhudze."

Ndalemba monga anenera. Bwerani, Achemwali. Pakhomo pano payambanso kumveka anthu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mzime wa Amayi