Kangaude Analuma Cecília, Osati Ufiti

Matema, Tete
Novembala, 1994

Achimwene a Castigo,

Muli bwanji kumeneko ku Tsangano? Nanga amayi miyendo ija ikuwalola kuyenda? Ife kuno tilipo, koma ndikulemba mtima ukuwira.

Amalonda a mbatata andiuza zimene mukufalitsa m'mudzi, zoti mwamuna wanga Amílcar walodza mng'ono wanga Cecília chifukwa iye ndi Mnyungwe, ati Anyungwe ndi afiti. Manyazi mulibe? Inu kuno kunalibe, ndiye tamvani.

Tikumanganso nyumba ndi njerwa zotola pabwinja. M'mawa wina Cecília anapisa dzanja pansi pa mulu wa njerwazo, n'kumva ngati walasidwa ndi munga. Anangoseka, poti pamkono panali kadontho kofiira basi. Dzuwa lisanafike pamutu, ululu unali utakwera kukhwapa mpaka pachifuwa. M'mimba munauma gwa ngati thabwa, miyendo ikukokana, thukuta lili kamukamu, kusanza osaleka.

Anansi anathamangira ndi lumo kuti amuteme mphini, wina akuti timange mkono ndi mphira n'kuyamwa balalo. Amílcar anawakaniza onse. Anatsuka pabalapo ndi sopo, anaikapo nsalu yonyowa, kenako anakagubuduza njerwa zija. Anapeza kangaude wakuda, wamimba yobulungira ngati nandolo, wa banga lofiira pamsana. Anamutsekera m'botolo, n'kukweza Cecília panjinga, ine nditamugwirira, mpaka kuchipatala. Kutentha kwa Tete mukukudziwa.

Namwino ataona botololo anati tachita bwino kufulumira. Anatinso kutema ndi kumanga kumangoonjezera chilonda, poizoni wa kangaude sachoka motero. Anamulowetsa madzi m'mitsempha, amene kuno amati soro, anamubaya jakisoni woziziritsa ululu ndi wa kafumbata. Tsopano anatuluka. Akadali wofooka ndipo kumsika kumene amagulitsa malonda sanabwerere, koma akudya.

Masiku ano nsapato ndi zovala timayamba takutumula tisanavale. Maukonde a akangaude kuchimbudzi tinasesa, mphasa tinazichotsa kukhoma, njerwa timazigubuduza kaye ndi ndodo. Inunso muzitero m'nkhokwe mwanu, poti kangaude safunsa mtundu wa munthu.

Ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo, ana anu ankadya ufa wa Amílcar yemweyu. Nthawi imeneyo sanali mfiti? Ine ndinamupeza atakhala kuseri kwa nyumba atamva mawu anuwo, chakudya osachikhudza.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti amayi sakudya chifukwa cha mantha amene mwawapatsa. Pitani mukawauze kuti munanama, ndipo mukanene pamaso pa anthu omwe aja munawauza bodzalo. Musanatero, pakhomo panga musadzaponde.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, alamu ndi ana onse. Wanu moni ndausunga kaye.

Ndine mlongo wanu,
Belmira