Ndinawauza Kuti Maso Anakanika

Mphunzi, Dedza
22 Ogasiti 1999

Okondedwa achimwene a Dominiko,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chisanu chatha, yatsala ndi mphepo, ndipo mbatatesi ya kudimba tikumba mwezi wamawa.

Achimwene, khalani pansi. Uthenga umene munalandira woti opaleshoni yanga inakanika ndi bodza, ndipo bodzalo ndinapeka ndine. Ndikuona. Timagalasi tija munandilipirira, timene adokotala anandiika m'kati mwa maso, tating'ono ngati mamba a nsomba, tikugwira ntchito monga anatiuzira. Zakutali sizikuchitanso chifunga, mizere siikupindikanso. Ndikaima pakhonde ndimawerenga mbuzi zili m'phiri, ine amene ndinkazindikira anthu ndi mawu okha ngakhale nditavala mandala aja ankati matako a botolo.

Mufunsa kuti nanga ndinanamiranji. Tsiku limene ndinabwera, ndinatsika minibasi pa Chimbiya nditavala magalasi akuda amene anandipatsa kuchipatala. Tsidya lina la msewu, pa ogulitsa tomato, panaima amuna anga a Alufeo ndi Jestina wa amayi aang'ono, yemwe ndinamusiyira nyumba. Mtima unadumpha, poti kanali koyamba kuona nkhope ya mwamuna wanga ali patali. Ndisanakweze mkono, ndinawaona akumupukuta Jestina pakamwa ndi chala, chalacho n'kuchinyambita. Ankachita izi akundiyang'ana ine, osaphethira n'komwe. Anazolowera kuti Filomena akatalikira mapazi khumi ndi chitsa basi.

Anawoloka msewu.

"Mayi a Tiyamike, mwayenda bwanji? Nanga maso?"

"Zakanika," ndinatero. Mawuwo anangotuluka okha.

"Pepani, n'kufuna kwa Mulungu," anatero amuna anga ndi mawu achisoni, uku akumutsinzinira diso Jestina.

Kuyambira tsiku limenelo magalasi akuda sindinawavule. Ndimati kuwala kumandilasa, ndipo palibe amadziwa kumene ndikuyang'ana. Ndimapunthwa dala pakhomo. Ndimathira tiyi pambali pa kapu. Jestina amathamanga, "Achemwali, dikirani ndikuthandizeni," kenako ndikatembenuka pang'ono amatsanzira kayendedwe kanga, khosi atalitulutsa ngati nkhuku, mlamu wake n'kumaseka chamumtima mapewa akugwedezeka. Masana ndimawaona akulowa m'mabulugamu a kuseri kwa dimba, wina kudzera uku wina uko. Zaka zingati zimenezi zakhala zikuchitika pamphuno panga? Ndimadana nawo, achimwene. Sindinkadziwa kuti munthu angadane ndi mnzake chonchi n'kumadyabe naye mbale imodzi.

Musaganize kuti ndangokhala. Mukudziwa kuti a Alufeo ndi mkamwini, anabwera pamudzi pathu ndi sutikesi ndi bokosi la zipangizo zawo za ukalipentala. Nyumba ya njerwa ija anayamba chaka chatha pamalo a amayi yafika pa mitengo ya denga. Ndiye ndikuwasamala, eee! Madzi osamba ndimawatenthetsera, nkhuku ndinawaphera Lamulungu lapitali. Ndikufuna akhale ndi mphamvu. Akhome lata lililonse, apale zitseko, aike mawindo. Dzana anandigwira dzanja n'kundiyendetsa m'zipinda, amvekere, "Gwirani apa mumve kusalala kwake." Ndinagwira, n'kuwayamikira kwambiri, pamene ndikuona bwinobwino kuti felemu ya chitsekoyo yapendama.

Akuti amaliza pakati pa Okutobala. Pempho langa ndi ili: mubwere nthawi imeneyo. Inu ndinu mwini mbumba, popanda inu ankhoswe sangakhale pansi. Tsiku limenelo ndidzavula magalasi pamaso pa onse. Ndidzawerenga kalendala ili kukhoma ndili panja, kuti pasakhale wotsutsa, kenako ndidzanena zonse, tsiku ndi tsiku, ndi mtundu wa chitenje chimene Jestina anavala. A Alufeo adzatuluka ndi sutikesi yawo ndi bokosi lawo, asanagone m'nyumbamo ngakhale kamodzi. Jestina adzawaperekeze kwawo ku Chongoni akaone kukoma kwa mwamuna wopanda munda.

Ndikudziwa mudzati, "Filomena, ndiwe Mkhristu." Ndikudziwa. Kulapa ndinasiya, ndipo Ukaristia sindikulandira chibwerereni. Bambo mfumu anandifunsa, ndinawayankha kuti ndimaopa kupunthwa pamzere. Ndidzalapa m'Novembala, ndi bodza limenelo lomwe. Yankho lanu mulitumize kusukulu kumene ndimaphunzitsa, osati kunyumba.

Tiyamike akupereka moni kuchokera ku sekondale. Iyenso sadziwa, ndipo akabwera kumudzi zimandipweteka akamandiwerengera makalata mokweza kuti ndisavutike. A Alufeo akuti moni, akuti mudzaone nyumba. Jestina akuti mumugulire nsapato.

Amayi nawonso akuti ndikupatseni moni, ndipo ndalemba chifukwa andituma. Mlungu woyamba ndinkafunitsitsa kuwaululira, poti ankalira ndi kolona m'manja kupempherera maso anga. Koma Lachinayi lina tili pamphasa tikusankha nyemba, awiri aja anatulukira m'mabulugamu, Jestina akuchotsa udzu m'tsitsi. Amayi anawaona. Sanadzidzimuke, achimwene. Anandiyang'ana ine, kenako anawakupizira dzanja kuti azungulire kuseri, n'kundifunsa ngati nyemba zili ndi anankafumbwe ambiri. Ndinayankha kuti sindikuwaona.

Choncho amayi akudziwa, ndipo sanayambe lero. Tsopano mwatsala ndinu. Munabwera kuno pa Khirisimasi, munakhala masabata atatu, muli ndi maso abwino. Musanabwere mundiyankhe mosazungulira: kodi nanunso munaona? Ngati munaona n'kusankha kundigulira maso m'malo mondiuza ndi pakamwa, nenani, ndidziwiretu kuti tsiku limenelo ndidzaima ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Filomena