Galasi la Nsanja ya Tsidya

3 Seputembala

Ndakwera nsanja dzuwa lisanatuluke. Kuzizira kwake, mano kuombana. Ntchito ndi yomweyo: kukhala, kuyang'ana mitengo ya paini, kudikira utsi. Utsi palibe. Nkhungu yadzaza chigwa chonse, mapiri angotulutsa misana ngati ng'ombe zowoloka mtsinje.

Dzuwa litatuluka ndaloza galasi langa ku nsanja ya tsidya. Ndi lamulo la alonda a moto. Wailesi sifika kumeneko, ndiye m'mawa timathwanimitsirana magalasi kuti aliyense adziwe kuti mnzake alipo. Tsidya kwayankha. Monga dzulo, monga dzana.

Nsanja imeneyo ndi ya amuna anga. Nkutali, ankagona komweko, kunyumba ankabwera Loweruka. Loweruka lina mu Juni sanabwere. Anthu anafufuza ndi agalu, osapeza ngakhale chipewa. Pachitseko akampani anaikapo loko. Koma m'mawa uliwonse kumathwanima.

7 Seputembala

Ndawauzanso akapitawo. Anditsitsira mawu ngati wodwala. "Ndi lata la padenga limenelo, mayi." Lata lake liti lodziwa kubweza moni?

Madzulo kwabwera alamu, akulu awo a amuna anga. Akufuna tichite maliro opanda mtembo. Ati akampani sangatithandize munthu asanadziwike kuti anamwalira, ndipo nsapato za mwana zang'ambika. Zoona, zang'ambika, chala chikusuzumira. Ine ndati munthu amene akundiyankhabe sindingamulire maliro. Andiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Kaya.

12 Seputembala

Tsiku lonse zii. Nkhalango yochita kubzala njachilendo: mitengo pamzere pamzere ngati ana asukulu, pansi pake mdima masanasana, mbalame sizikondamo. Mphepo ikadutsa, paini amalira ngati madzi akutali. Kale phokosoli linkandisowetsa mtendere. Tsopano ndimatchera khutu, mwina ndingamvemo kutsokomola kwawo.

Khwangwala watera pa chitsulo cha khonde, kundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndamufunsa ngati wawaona. Wauluka kulowera tsidya. Mwano basi.

Phiri la tsidya silifulumira, sililonjeza kanthu. Ndikaliyang'anitsitsa mtima umakhala pansi. Linalipo tisanabadwe, zathu zonse laziona, ndipo silinasunthe. Pamwamba pano ndimapuma. Chisoni chimandidikira pansi pa makwerero, timapitira limodzi kunyumba.

Amuna anga kukhala phee sankatha. Miyendo yoyabwa. "Munthu si kadzidzi kuti azikhala pamtengo tsiku lonse," ankatero. Akaona njuchi yadutsa, maso ali komweko, kuganiza za uchi wa m'maphompho. Ndawasowa. Ndawasowa mpaka ndakwiya nawo.

19 Seputembala

Mwana wandifunsa ndikumupesa tsitsi. "Amayi, ngati adadi ali kunsanja, bwanji sabwera kudzationa?" Ndamupesa molimba mpaka walira, ine nkulira naye.

Miyezi yonseyi sindinapiteko. Ndimati ntchito, ndimati nkutali. Koma ndi mantha. Ndapempha kiyi kwa akapitawo, apereka osafunsa.

22 Seputembala

Ndapita. Njira yamera udzu, akangaude atchinga paliponse. Chigwa chimene ndimachiona chokongola ndili pamwamba, mkati mwake mukununkha chinyontho. Ngakhale nkhwali imodzi osalira.

Loko wachita dzimbiri. Mkati fumbi lokhalokha, popanda phazi la munthu. Jekete lawo pamsomali. Kapu, mphemvu yakufa mkati.

Ndatuluka pakhonde kuyang'ana nsanja yanga, kakang'onong'ono. Ndiye china chandithwanimira m'maso. Pansi pa denga, kunja, pamene ofufuza aja sakanaona: galasi lawo. Lomangidwa ku chingwe chopyapyala, likuzungulira lokha ndi mphepo. Mfundo yake ndi yawo, yomwe amamangira chingwe choyanikapo zovala kunyumba.

Kuchenjera kwake! Dzuwa likatuluka galasi lizipereka moni lokha, mwini wake ali kofuna uchi. Ndaseka ndekha pamenepo. Kenako ndakhala pansi.

Ndiye kuti sabata ija mwina anachoka Lolemba lomwe. Galasi likuyankha, ine ndikuuza akapitawo pa wailesi kuti tsidya kuli bwino. Kufufuza tinayamba Lamlungu. Ngati anagwera penapake, anaitana mpaka liti?

Ndalimasula. Ndabwerera nalo m'thumba la jekete lawo.

24 Seputembala

Ndathwanimitsa langa, chizolowezi. Tsidya zii. Dzulonso zii.

Chodabwitsa, mtima wapepuka. Phiri langokhala phiri. Mthunzi wa mtambo wayenda pamwamba pa mitengo pang'onopang'ono, wakwera, watsika, wapita. Ndauperekeza ndi maso mpaka wazimirira. Mwina ndi mmene zinthu zimapitira, osatsanzika.

Ndawaimbira alamu kuti akonze maliro. Iwo ati, "Mwachita bwino, alamu. Nafenso tigoneko tulo." Mawu awo ngofanana ndi a mng'ono wawo, ndadula foni msanga.

27 Seputembala

Jekete ndachapa. Ndi limene tiike m'bokosi. Mwana ndamuuza. Sanalire, wangofunsa ngati adadi sakazizidwa popanda jekete.

30 Seputembala

Maliro ndi lero masana. Alamu andibweretsa pa galimoto yobwereka, akudikira pansi pa makwerero. Ndinawapempha ndikwere kaye pang'ono, ndilione phiri likucha.

Mphepo palibe, ngakhale tsamba osagwedezeka. Nkhungu yachoka, chigwa chonse chili pambalambanda. Magalasi onse awiri ali patebulo pano, langa ndi lawo, ndawavundikira pansi. Sindinakhudze kanthu.

Dzuwa latuluka.

Kwathwanima.

Osati pansanja. Mmunsi, m'phompho la kuseri kwa miyala yoyera, kumene agalu aja anakana kutsika. Si kuzungulira kwa mphepo ayi. Kukuyaka, kukuleka, kukuyakanso mochedwa, ngati dzanja la munthu wotopa.

Alamu akuitana. "Tsikani alamu, anthu akutidikira!"

Kwathwanimanso. Langa ndalitenga, ndikuliloza kuphomphoko.