Mpiru wa m'matayala a Tiyamike

Amayi anga, kodi kumeneko kukucha bwanji? Ine kuno ndilipo, mawondo okha ndiwo amadandaula kukazizira. Ndine Esinati wanu. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye kalatayi ndikungoyankhula, amene wagwira cholembera ndi mdzukulu wanu Tiyamike. Ndamuuza kuti alembe mawu monga akutulukira m'kamwa mwanga, asakonze, asachotse, ngakhale tikafika pamene pakumukhudza iyeyo.

Ndiyambe ndi ana, poti n'chimene mukanayamba kufunsa. Limbani, woyamba uja, sakuyendetsanso basi. Tsopano akuphunzitsa ena kuyendetsa, ndipo amapita kuntchito atamanga tayi. Mphatso akadali mzamba ku Woolwich. Atachiritsa amayi osawerengeka, chaka chino wachira yekha, mwana wamkazi wonenepa bwino, ndipo tamutcha dzina lanu, Aginesi. Akalira amakwinya pamphumi ngati inu mukamawerenga nkhuku madzulo. Tiyamike, mzime wanga, ndi dokotala wa mano. Azungu akuluakulu amamuyasamulira kukamwa, iye n'kumawakalipira za shuga. Ndikaganiza kuti ana amenewa anatuluka mwa ine wosadziwa kulemba, ndimangoti Mulungu ndi wamkulu.

Kadimba kamene a khansolo anandipatsa pafupi ndi njanji kuno ku Barking kakuchita bwino. Chaka chatha chimanga chinabereka, ngakhale agologolo anadya gawo lawo osapempha. Nkhwani ndinagawira amayi a kutchalitchi mpaka anatopa nawo. Vuto ndi nkhono. Kuno nkhono n'zamwano, Amayi, zimadya mbewu iwe uli pomwepo. Paja munkati munda suthokoza ndi pakamwa. Ndimakumbukira mawuwo ndikamapalira.

Tsopano nkhani imene ndakhalira pansi.

Mutatisiya, zaka zinayi zapitazo, ukwati wa Tiyamike unatha ndipo anabwera kudzakhala ndi ine. Chaka chathunthu mwanayu sanaseke. Kupita kuntchito, kubwera, kudya pang'ono, kutseka chitseko. Kenako anagula njinga yamoto. Si zija za kabaza munkaziona pa Lizulu ayi. Iyi ndi yofiira, ikalira mazenera amanjenjemera, ndipo wokwera amachita kuigonera chafufumimba. Kunja kwa London, cha ku Kent, kuli bwalo la tara lozungulira, lopanda magalimoto, lopanda oyenda pansi. Anthu wamba amapita kumeneko ndi njinga zawo n'kumazungulira tsiku lonse. Si mpikisano, palibe wolandira chikho. Amawagawa m'magulu atatu: oyamba kumene, apakati, ndi akatswiri. Tsiku limene Tiyamike anabwera koyamba kuchokera kumeneko, anaseka m'khitchini mpaka kugwira tebulo. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kusekako, koma njingayo ndinkadana nayo.

Mwezi wa Meyi anabwera ndi matayala awiri n'kuwaika m'kashedi kuseri kwa nyumba. Nditapita kukatenga khasu, ndinawaona. Anali osalala ngati dazi la abusa athu, opanda mzere ndi umodzi womwe. Inu ndi ine tikulidziwa tayala lotero. Ndi lomwe linaphulika pa lole ya matola tikuchokera ku Balaka, tsiku lija tinapsa ndi dzuwa pamsewu, inu mutafunda chitenje kumutu. Tayala lotero kwathu limapita kwa wosoka nkhwayira. Ndinabwereka wilibala kwa mnansi, ndinawakankha mpaka kudimba, ndinawagoneka pansi, kuthiramo dothi ndi manyowa, n'kuokeramo mpiru. Masiku asanu ndi anayi ndinkathirira. Mpiruwo unagwira bwino zedi, ndipo nkhono zinkavutika kukwera.

Lachitatu lina, Tiyamike ataweruka, analowa m'kashedi muja n'kutuluka msangamsanga.

"Mami, matayala anga ali kuti?"

"Akutha aja? Ali kudimba, akugwira ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Ya mpiru."

Amayi, ana obadwira kuno akakwiya Chichewa chimawathawa. Anayankhula Chingerezi chothamanga, ine chimene ndinatolapo ndi chakuti Loweruka. Atapuma pang'ono anandifotokozera. Loweruka limenelo ndilo tsiku limene ankayenera kulowa gulu lapakati koyamba, ndipo malo anali atasungitsa miyezi itatu m'mbuyomo. Matayalawo akuti sanali akutha. Amawapanga dala osalala, kuti mphira yonse izigunda tara, ndipo ikatentha imamata ngati ulimbo. Anamaliza ndi mawu amene anandilasa: "Chinthu chimodzi chokha chimene ndili nacho, Mami." Chitseko chija chinatsekedwanso.

Apa ndinene zoona, poti inu simunkanamizika. N'zoona kuti ndinaganiza kuti matayalawo ndi akutha. Koma ndikukankha wilibala ija, mumtima munali kamawu kena. Kankati, kaya ndi akutha kaya si akutha, akasowa mwina sapita. Ndikanatha kumufunsa, foni ndinali nayo m'thumba. Sindinafunse. Tiyamike wasiya kulemba, akundiyang'ana. Lemba, mwanawe. Izi sindinakuuzepo, ndipo n'chifukwa chake ndasankha iweyo kugwira cholembera, osati mkulu wako.

M'mawa mwake ndinadzuka ndekha, ndinapita kudimba, ndinazula mpiru wanga, n'kutsuka matayala aja ndi madzi a m'mgolo. Tiyamike anati awapititsa kwa a Daka akaone ngati angagwirebe ntchito. A Daka ndi bambo wa ku Chipata, ali ndi galaja ya njinga pansi pa mlatho wa sitima ku Peckham. Ndinati ndipita nawo. Anangotsegula chitseko cha galimoto mbali yanga.

Titafika, a Daka ananunkhiza tayala limodzi n'kuyamba kuseka.

"Mami, ndimwe munabyala ndiyo mu matayala? Manje ise tizadya chani, poti mwazula?"

"Musandiseke, bambo Daka, ndalakwa kale."

Anapukuta m'mbali mwa tayalalo ndi kansanza n'kutionetsa timanambala tinayi tating'ono. Akuti tayala lililonse lili ndi tsiku lake lobadwa, sabata ndi chaka. Anawerenga, n'kupukusa mutu.

"Iwe Tiya, unagula kuti aya? Ni yakudala maningi."

Kumeneko n'kunena kuti ndi akalekale. Tiyamike anali atawagula pa intaneti kwa munthu wa mipikisano amene anatha nawo. A Daka anamuonetsa m'mphepete mmene munachita kubiriwira, akuti n'chizindikiro chakuti mphirayo yatentha ndi kuzizira kambirimbiri mpaka kuuma. Ndiye Amayi, matayala aja analidi akutha, kungoti osati pa chifukwa chimene ine ndinkaganiza. Ndinangokonza duku langa.

A Daka sanalekere pomwepo. Anamufunsa ngati ali ndi mabulangete a matayala.

"Mabulangete?" ndinafunsa ine. "Matayala amafunda?"

"Yamafunda, Mami, yamagetsi. Kupambana imwe na ine."

Akuti tayala losalala silifuna kuzizira. Amalifunditsa lisanalowe m'bwalo, ndipo likalowa limafuna munthu wa liwiro lenileni kuti lisazizirenso. Likazizira limaterera. Mvula ikagwa ndiye basi, poti lilibe mizere yothawitsira madzi, ndipo mukudziwa dziko lino mvula siitanidwa. Tiyamike analibe mabulangete. A Daka anamuuza mosabisa kuti liwiro lake silinafike pamenepo, ndipo tayala siligulira munthu liwiro. Mwana wanga nkhope inagwa. Dokotala wathunthu anaima ngati mwana wa sukulu wogwidwa ndi mango m'thumba. Ndinamumvera chisoni, chifukwa ndinaona kuti ankafuna kukafika ku gulu latsopanolo akuoneka ngati anzake.

Kenako a Daka anatsitsa mitundu itatu n'kuiimika pakhoma. Ine ndinathamangira la mizere yambiri yakuya, ndinati ili ndiye tayala. Anati ayi, limenelo ndi la opita kuntchito tsiku ndi tsiku, limakhalitsa, koma pa bwalo lija limatenthetsa n'kuyamba kusambira. Lachiwiri linali losalala, latsopano, lonyezimira. Tiyamike ankalisisita ndi maso. Lachitatu linali ndi mizere pang'ono pakati, m'mphepete mosalala. Akuti limeneli limadzitenthetsa lokha ukazungulira kawiri, silifuna bulangete, kanyontho ka mvula limapirira, ndipo limakhululukira munthu akalakwitsa.

Pamenepo ndinakukumbukirani mukugula maungu pamsika. Munkati dzungu salifunsa ndi maso, amalifunsa ndi chikhadabo. Ndinadinda chikhadabo changa pa tayala lakale lija, linali gwa, ngati nkhwayira imene. Ndinadinda pa lachitatu, chikhadabo chinalowa pang'ono, mphira n'kubwerera pang'onopang'ono. Kungoti pa dzungu timafuna lolimba, apa timafuna lofewa. Ndinawerama n'kufufuza timanambala tija. Zilembo zimandivuta koma manambala ndimawerenga. Linali la chaka chomwe chino.

Tiyamike anandiyang'ana, kenako anati, m'Chichewa, "Sankhani inuyo, Mami."

Amayi, mukumvetsa chimene mwanayu anandisenzetsa? Amene wasankha tayala wavomera ulendo. Ndikanatha kunena kuti palibe labwino apa, tiye kunyumba. Mawuwo anafika mpaka pakhosi. Koma ndinakumbukira chitseko chotseka chija, chaka chathunthu. Ndinaika dzanja pa lachitatu.

"Mami aba ni ba makanika," anatero a Daka. Anamulangiza Tiyamike kuti akafika kubwalo akachotseko mpweya pang'ono, ndiponso kuti maulendo oyamba akayende mofatsa, poti tayala latsopano limakhala ndi ulemu wochepa.

Loweruka ndinapita nawo. Munthu sungasankhe tayala n'kutsala pakhomo. Ndinavala majekete awiri ndi chitenje pamwamba. Phokoso lake, Amayi, ngati zigayo makumi zalizidwa pamodzi. M'mawa kunawaza kamvula, ndipo ndinaona amuna a matayala osalala atakhala m'matenti mwawo, njinga zitafunda mabulangete, akuyang'ana kumwamba. Tara itangoyamba kuuma, gulu lapakati linaitanidwa, ndipo Tiyamike analowa nawo. Sindinawaseke amunawo, ndine mayi wa mvano, koma ndinawayang'ana.

Ndinaima pa mpanda pafupi ndi khona lina lakuthwa. Akafika pamenepo njinga amaipendeketsa mpaka bondo kutsala pang'ono kukhudza pansi. Ndinkamuona akubwera, kanjinga kofiira pakati pa amuna, ndipo akangoyamba kupendekeka ndinkatsinzina. Ndikatsegula maso, ali uko, wadutsa. Tsiku lonse zinali choncho. Khona limenelo sindinalione ndi kamodzi komwe.

Atabwerera pamene tinaimika galimoto, anavula chisoti, tsitsi lili nyankhalala, akuseka kuseka kuja kwa m'khitchini.

"Mami, gwirani tayala lanu."

Ndinagwira. Linali lofunda ngati mkate wongophula kumene, lomata m'manja, lili ndi tinyenyeswa ta mphira mpaka kufupi ndi m'mphepete. Akuti zimenezo zikusonyeza kuti lagwira ntchito yake bwino. Atamva kuitana kwa ulendo wotsatira anavalanso chisoti, ndipo ine ndinaika dzanja pamwamba pake n'kunena kuti, pita mwanangu, kazungulire. Ndi koyamba kumuuza mawu amenewo chigulireni njingayo. Kudzera pa galasi la chisoti sindinaone bwino, koma ndikuganiza kuti analira. Akuti ndi mphepo. Lemba kuti ndati analira.

Ndiye ndaitana banja lonse. Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti tonse tikakumana ku bwalo komweko, ana, apongozi ndi zidzukulu, aliyense ndi mpando wake wopinda. Ine ndidzaphika mandasi ndi nkhuku, ndipo a Daka ati abwera ndi akazi awo. Ena m'banjamo akung'ung'udzabe kuti mkazi wamkulu sathamanga ndi njinga. Ndawauza kuti abwere adzang'ung'udzire pa mpanda pomwepo, pafupi ndi ine.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse. Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Tsiku limenelo, mdzukulu wanu akafika pa khona lija, sindidzatsinzina.

Ndine mwana wanu,
Esinati