Nsalu Imene Adadi Amailonjera

Chamboli, Kitwe

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Dedza, inu ndi onse apakhomo. Nanga bondo lija likukulolani kupita kutchalitchi? Ife kuno matupi okha ndiye ali bwino. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndikanangolira, inu osamva kanthu.

Paja munamva kuti kukoleji kwathu kojambula anatiphatikiza ndi ophunzira a ku Chile ndi a ku Finland. Timakumana pakompyuta Lachisanu lililonse. Anatiuza kuti tiganizire limodzi mmene matauni a migodi adzakhalire mkuwa ukadzatha. Ena anajambula nyumba, ena mabasi. Gulu lathu linati lipange nsalu yoti adzukulu athu adzavale.

Mtsikana wa ku Chile, dzina lake Marisol, anati aliyense atumize zithunzi za kwawo zojambula kuchokera m'mwamba. Ine ndinabwereka kandege kojambulira ka pakoleji, n'kukaulutsa kuseri kwa phiri la miyala ya mgodi. Udzu unali utangopsa kumene. Pachithunzipo panaoneka timizere tatifupitifupi tambirimbiri, ngati mpunga woyalidwa ndi dzanja. Timizere tonseto tinaloza kumodzi, kupatula mizere itatu ya kumapeto imene inagona chopingasa.

Azakhali, ndinadziwa. Anali manda akale aja.

Marisol anachikonda chithunzicho koopsa, ndipo anafunsa kuti timizereto n'chiyani. Anzanga anali atatumiza nyanja ndi mapiri a chipale, ndiye ine ndikhale wobwera ndi manda? Ndinati ndi minda yakale. Ndithu manyazi anapha lambe. Gulu lonse linasankha chithunzi changa, aphunzitsi n'kundiyamika pamaso pa kalasi, ine mano poyera ngati chitsiru.

Nsaluyo anakaidinda ku Ndola, yakuda yokhala ndi timizere tofiirira ngati mkuwa. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaimanga m'chiuno kuti ndikadzionetsere kwa adadi, mlongo wanu. Anali pakhonde. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti ndiivule. Chibadwire sindinawamvepo akulankhula choncho.

Anaiyala patebulo n'kuvula chipewa. Anati mizere yopingasayo ndi ya anthu a kwathu, amene anabwera kumigodi kuchokera ku Nyasaland osabwereranso. Anzawo ankawagoneka mutu utaloza kummawa, kumudzi. Anati bambo anu ali pamzere wachitatu. Mukudziwa kuti chichokereni tizitsulo ta mayina tija, timene anazula ogulitsa zitsulo, adadi akhala akuzungulira m'thengo muja chaka ndi chaka osapeza pamene pagona agogo. Ndiye apeza pansalu imene mwana wawo anakulunga kumatako. Mayo ine!

Kuyambira tsikulo, dzuwa likangopendeka amakhala patebulo ndi nsaluyo. Amaika chala pakamzere kamodzikamodzi n'kumalonjera mayina amene ine sindinawamvepo: a Chimpeni, a Kaliwo, a Gondwe a ku Nkhata Bay. Akalonjera amadikira kaye, ngati wina akuyankha. Nthawi zina amagwedeza mutu. Ine ndimaima pakhomo tsitsi lili nyaunyau, kunja kuli kowala, maminibasi akuimba mahutala pamsewu.

Akafika pamzere wachitatu chala chimasowa poima pakati pa timizere tiwiri, kachinayi ndi kachisanu. Akalonjera kena, amapepesa kwa kanzake. Akuti tsiku la maliro anali ndi zaka eight, ndipo ankangoona nsana wanu, atagwira chitenje chanu. Chakudya akungochigwiragwira. Amayi anayesa kuibisa nsaluyo, adadi anagona ndi njala masiku awiri mpaka anaibweza.

Lachisanu lapitali ndinaulula kwa anzanga. Marisol anaphimba nkhope ndi manja, chifukwa iye anali atadinditsa kale nsalu yomweyo kwawo, n'kusoketsa siketi n'kuvina nayo paphwando la mkulu wake. Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri. Anangoti nayenso agogo ake anatsala m'chipululu pafupi ndi mgodi, ndipo anapempha kuti ndimutumizire mayina amene adadi amatchula. Tagwirizana kuti pachionetsero cha ntchito zathu kukoleji palibe adzaivale nsaluyo. Kaya aphunzitsi andilepheretsa, zawo zimenezo.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti anthu ayamba kukhoma zikhomo za mapuloti m'mphepete mwa mandawo, chakummawa kumene kuli mizere itatu ija. Mvula ikagwa udzu uphimbanso zonse. Akulu a mpingo avomera kutithandiza kumanga chiliza mwezi uno, koma akuti sangamange pamutu pa munthu wa eni ake. Akufuna wina anene motsimikiza.

Amene munaima pamanda paja muli ndi nzeru zanu mwatsala nokha, Azakhali. Ndadula kachidutswa ka nsaluyo ndipo ndakaika m'kalata muno. Kumene ndamanga ulusi woyera ndiko kummawa, ndipo njira imene munalowera ili kumanzere. Khalani nako pansi, mukumbukire amene anagona pafupi, mtengo umene unalipo, mbali imene kunali dzuwa. Mukatero mulembe kamtanda ndi choko kapena sopo, mubweze ndi basi.

Mundiperekere moni kwa a Frederick ndi kwa Tionge ndi ana ake. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo.

Koma ngati nanunso mwaiwala, chonde musawauze adadi. Ingolembani kamtandako pa kamodzi mwa timizere tiwiri tija. Ndanama kale kamodzi pa manda amenewa, tchimo lachiwirili likhalenso langa, bola mlongo wanu adye.

Ndine mwana wanu,
Unity