Mawu Anga Alowa m'Buku la Malangizo, Amayi

Amayi, kodi kukuyenda bwanji kumene muliko?

Ndine Tionenji, mwana wanu wotsiriza. Ndikulemba ndili pakhonde la nyumba yathu kuno ku Matero. Malaiti apita kuyambira m'mawa, laputopu yazima, ndiye ndati m'malo mongoyang'ana nkhuku za bana Mulenga, oyandikana nafe aja, zikupalasa pampanda, ndikuuzeni za kuno.

Ndiyambe ndi zabwino. Akulu anga ba Esinala anachira ku Chawama, mwana wamkazi. Amutcha Taonga. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akamalira amafumbata tizibakera monga munkachitira mukamakangana ndi kondakitala wa minibasi. Achimwene ba Yotamu adakali ku Kitwe, akuti ntchito ikuyenda. Amalume ku Katete anatitumizira nshawa pa basi, akuti chaka chino zachita bwino kuposa chimanga. Kotapela wa kuseri uja, mtengo wa mapeyala, wabereka mpaka nthambi ina inathyoka n'kugwera pachingwe choyanikira zovala. Ndinagawira nyumba zonse za mumzere wathu, komabe ena anawolera m'beseni, poti wodya ndine ndekha. Denga la kukhitchini likudontha pomwe paja. Ndimatchera ndowa yomwe ija.

Munachoka ndikadali kufunafuna ntchito. Ndinaipeza patapita miyezi ingapo maliro atatha, pakakampani kopanga mawebusaiti. Abwana athu ndi ba Mwila, munthu wosachulutsa mawu. Ofesi tilibe. Aliyense amagwirira kwawo, timangomvana pafoni. Poyamba ndinati ndi mwayi, sindidzalimbirananso malo m'minibasi m'mawa. Koma Amayi, tsiku limatha osatsegula pakamwa. Ulendo wina nditapita kukantemba kukagula mazira, mawu anatuluka osasa, mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndili ndi chimfine.

Pali nkhani ya kuntchito imene yandikhala pakhosi. Ndikufotokozerani pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndili kukoleji, inu mukusankha nyemba m'lichero. Sindikudziwa ngati munkamva zonse, koma simunandidulepo mawu.

Webusaiti sitiyamba kuimanga kuchokera pansi. Pali chimango chimene anthu a m'mayiko osiyanasiyana anapanga mothandizana, ife timangomangirapo. Chimangocho chili ndi buku lake la malangizo pa intaneti, lotiuza kachitidwe ka chilichonse. Tsono tsamba la webusaiti limakhala ndi katundu wake: zithunzi, mitundu, ndi zilembo zokongoletsa. Katundu ameneyu ndi wolemera. Akakhala pakompyuta imodzi ndi zina zonse, tsamba limachedwa kutseguka, makamaka pamafoni ang'onoang'ono ngati ya ba Esinala. Ndiye timamusunga pakompyuta ina yapadera, imene timati seva ya katundu, n'kuuza chimango adiresi yake kuti chizikatenga kumeneko.

Ntchito yoyamba imene ba Mwila anandisiyira ndekha inali webusaiti ya gulu la amayi osoka mayunifomu a sukulu ku komboni ya George. Mtsogoleri wawo ndi bana Chanda, a msinkhu wanu. Ankafuna kuti makolo azisankha yunifomu pafoni masukulu asanatsegulidwe. Ba Mwila sanabise, anati ntchito imeneyi ndiyo ionetse ngati ndikhalitse pakampanipo.

Ndinatsatira buku la malangizo mzere ndi mzere. Ndinakweza katundu yense paseva yake, ndinalemba adiresi pamalo amene bukulo linanena. Zithunzi za madiresi ndi makabudula zinabwera msanga, mtima unakhala pansi. Koma nditayang'anitsitsa, tizizindikiro tonse tinali titasowa. Kadengu kamene munthu amakhudza pogula, kafoni koimbira osokawo, zonse zinasanduka timabokosi topanda kanthu. Palaputopu yanga zinali bwinobwino, koma pa intaneti ayi. Kholo likanatsegula tsambalo likanaona yunifomu, osadziwa pokhudza kuti ligule.

Bana Chanda anaimba. "Mwana wanga, manje ivi vimabokosi ni vachani? Tasoka mayunifomu yambili, masukulu yali pafupi. Yazankala chabe munyumba?" Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndi kumene kunandipweteka. Madzulo ake ba Mwila analemba uthenga waufupi: "Tio, ngati vakukanga, kamba. Nizapasa munthu wina."

Ndinawapempha kuti andipatseko masiku. Ndinawerenga tsamba la malangizo lija mpaka ndinaliloweza. Ndinafufuta zonse, n'kuyambiranso, timabokosi tili pomwepo. Malaiti akapita ndinkakhala pampando wanu wa pawindo, kuganiza zomwezo. Masana ena ndinayesa njira ina, zinthu n'kuoneka ngati zasintha, ndipo ndisanazindikire ndinali nditakuwa kale kuti, "Amayi, tabwerani muone!" Ndinadikiradi kumva patapata wanu akuchokera kukhitchini. Kenako ndinangotseka laputopu n'kupita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Njira ijanso sinagwire.

Yankho ndinalipeza patsamba lina lakutali, lonena za chitetezo, kumene sindikanaganiza zokafufuza. Nkhani yake ndi iyi: foni ya munthu imakana kulandira zilembo zochokera kuseva ina, pokhapokha sevayo itanena kuti yalola webusaiti yakutiyakuti kudzatenga. Zithunzi sizifuna chilolezo chimenecho, n'chifukwa chake zinkabwera. Koma tizizindikiro tija tinali m'gulu la zilembo. Ndinangowonjezera kamzere paseva ya katundu, kutchula dzina la webusaiti ya amayi aja. Kadengu kanatulukira. Kafoni kanatulukira. Bana Chanda anaimbanso patapita sabata kunena kuti makolo ayamba kuitanitsa, ena mpaka a ku Mtendere. Ba Mwila anandipatsa ntchito ina osanena chilichonse, ndipo ndaphunzira kuti kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira.

Zikanathera pomwepo, koma mawu anu sanandisiye. Mukukumbukira mlendo akafunsa njira pageti? Simunkangoloza. Munkamuuza pokhota, mtundu wa geti, kenako n'kutitembenukira ife: "Ukamalondolera munthu njira, umuuzenso nyumba imene ili ndi galu." Ndinaganiza za munthu wina kwinakwake, ali yekha ngati ine, akuyang'ana timabokosi tomweto, abwana ake akudikira. Buku lija aliyense amaloledwa kutumiza zoti likonzedwe, oliyang'anira n'kuona ngati n'zoyenera. Ndinkaopa Chingelezi changa, ndinkaopanso kusekedwa ndi akatswiri. Koma paja munkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinalemba, ndinatumiza.

Anandiyankha munthu amene sindikumudziwa. Pamalo poika nkhope yake anaikapo chithunzi cha njinga, moti sindikudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, kaya ali dziko liti. Anathokoza. Anati zimene ndalembazo zilipo kale patsamba la chitetezo, koma n'zoona kuti wowerenga za seva ya katundu sangadziwe kuti akayang'ane kumeneko. Anandipempha kuti ndifupikitse, ndiponso ndichotse nkhani ya mayunifomu. Amayi, ndinaseka ndekha m'nyumba muno. Ndinali nditalembamo zonse, za ku George, za masukulu, ngati ndikufotokozera inu. Ndinachotsa. Wina anabwera n'kusintha liwu limodzi. Sabata yatha anavomereza.

Tsopano patsamba lija, m'munsi mwa pamene amaphunzitsa kulemba adiresi ya seva, pali kachenjezo kakafupi konena za chilolezo cha zilembo. Dzina langa palibe, umo ndi mmene amachitira. Koma mawuwo ndi anga, ndinawalembera patebulo lanu lodyera, ndipo aliyense wofika pamenepo adzawawerenga.

Uthenga wovomerezawo utafika ndinaimirira. Ndinapita kukhitchini, ndinabwerera pabalaza, ndinatuluka pakhonde. Bana Mulenga anali atapita kumsika. Ndinatumizira ba Yotamu uthengawo. Anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, kenako n'kulemba kuti, "Nanga vamene tinakamba va nyumba?" Sindinakuuzeni zimenezi. Iwo ndi ba Esinala akhala akunena kuti nyumba ino tiikemo anthu a lendi, ine ndisamukire ku Chawama, chifukwa si bwino mwana wamkazi kukhala yekha.

Ndinavala nsapato, ndinakwera minibasi ya m'tauni, n'kukwera ina ya ku Chawama, foni ili m'manja njira yonse. Ndinapeza ba Esinala maso ali psuu ndi tulo, matewera ali mbwee pachingwe, Taonga akulira. Nditangoyamba kutsegula tsamba lija kuti ndiwaonetse, anati, "Iwe Tio, wabwela bwino. Nigwilileko mwana nisambe." Ndinaika foni m'thumba n'kulandira mwanayo. Ndinayenda naye uku ndi uku pakhomo, ndikumuuza zonse: za seva, za timabokosi, za munthu wa njinga. Anandiyang'ana ndi mphumi yanu ija mpaka anagona.

Ba Esinala atatuluka kosamba anafunsa kuti, "Wenze kufuna kunionesa chani?" Ndinati palibe, n'za kuntchito chabe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Waonda. Munyumba muja ukamba na ndani? Bwela kuno, tizapanikizana chabe." Amayi, sananame. Ndinayang'ana zipinda zawo ziwiri zija, alamu, ana, mbaula pakhomo, wailesi ya oyandikana nawo ikulira. Chikondi chilipo, koma poika laputopu palibe. Ndinadya nawo, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Nditatsegula chitseko chathu, nyumba inali zii monga ndinaisiyira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinavomera mumtima kuti sindingapitirize chonchi.

Ndiye ndasankha, ndipo n'chifukwa chake ndakulemberani. Kuno sindichoka. Koma ndauza ba Yotamu kuti sindikhalanso ndekha. Bana Mulenga ali ndi mwana wa mng'ono wawo, dzina lake Bupe, amene akubwera kuchokera ku Kasama kudzaphunzira unamwino, ndipo akusowa pokhala. Ndalankhula naye pafoni. Ndi wolongolola, sanandipatse mpata woyankha. Afika kumapeto kwa mwezi uno. Ba Yotamu anang'ung'udza pang'ono, kenako anavomera.

Chovuta n'chakuti chipinda chimene chilipo ndi chanu. Chichokereni anthu a pamaliro sindinasunthemo kanthu. Ndimangolowa kukasesa n'kutuluka msanga. Loweruka likubwerali ndiyenera kutsegula wadiropu. Zitenje zanu ndipatsa ba Esinala, bulauzi yoyera ya chigwirizano ndiitumiza ku Katete kwa akazi a amalume, poti munkapemphera limodzi. Magalasi anu owerengera, aja omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, sindipatsa munthu. Ndikudziwa kuti simunkakonda kuti wina azigwira zinthu zanu musanamuuze, n'chifukwa chake ndayamba ndakupemphani. Mukamva mawu achilendo m'chipinda chanu, Chibemba chambiri ndi kuseka, musadabwe. Ndi mwana wa eni ake, wabwera kudzaphunzira, ndipo ndimusunga monga mukanamusungira.

Mukawaona atate muwapatse moni wanga. Ndikulonjeza kuti Bupe akafika ndizichotsa laputopu patebulo nthawi ya chakudya, ndiziphikira anthu awiri, ndipo ndizimufunsa mmene tsiku lake layendera, n'kumvetsera mpaka amalize.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tionenji